Wotchi ya Makala

A Yoramu ndi munthu wolemera, koma musafulumire kuganiza za ng'ombe kapena nyumba ya malata. Kulemera kwawo n'kwa pa sikelo. Ali mnyamata, masiku aja amuna a ku Ntcheu ankakhamukira ku migodi ya ku Joni, olemba anthu ankayamba akweza munthu pa sikelo asanamufunse ngakhale mudzi wake. A Yoramu atakwerapo, muvi unalumpha mpaka kalaliki anaimba mluzu. Pambuyo pawo panakwera msuweni wawo, a Benson, amene m'mawa wonsewo anali akudzaza mimba ndi nthochi ndi madzi kuti awonjezere thupi. Muvi unangogwedezeka pang'ono ngati paterapo nkhunda. Anawabweza tsiku lomwelo, ati ndi opepuka, mgodi sungawafune. A Yoramu anakwera galimoto ya ku Joni akuseka. A Benson anabwerera kumudzi akusekanso, chifukwa iwo ndi munthu woti ngakhale mutawalanda mbale m'manja amangoonetsa mano.

Ku Joni a Yoramu anakhalako zaka zambiri ndithu, kulowa m'dzenje n'kutuluka, kulowa n'kutuluka, mpaka njira ya ku migodi inatsekeka. Anabwerako ndi sutukesi yachitsulo, mabulangete, njinga, kachifuwa kosamva mankhwala, ndi wotchi. Mabulangete anang'ambika. Njinga inatha pang'onopang'ono, lero belu, mawa tcheni. Sutukesi akazi awo, mayi Eliness, anaisandutsa moikira nkhuku. Wotchi yokha ndiyo inakana kutha. Inali yachitsulo chenicheni, yonenepa, yolemera ngati loko wa pa golosale, ndipo batire sinkalidziwa. M'mawa uliwonse, asanasambe n'kumaso komwe, a Yoramu ankakhala pakhonde n'kumapukusa kansonga ka m'mbali mwake, nkhope itauma gwaa. Mwana woyerekeza kuwalankhula pa nthawi imeneyo ankalandira diso loti sabwerezanso.

Kumudzi kwawo, kunsi kwa Sharpevale, anthu amalima mpunga wothirira. Ngalande ndi imodzi, minda ndi yambiri, choncho madzi amayenda mosinthana: a kumtunda amwetse mpunga wawo, nthawi ikakwana geti litembenuzidwe, madzi apite kwa a pakati, kenako kwa a kunsi. Pa zinthu zonse zodanitsa Akhristu, palibe choposa madzi amenewa. Anthu oimba kwaya imodzi Lamlungu anagululanapo mano Lolemba. Mafoni atabwera anthu ankayesa kuti mikangano yatha, koma kunali kuwonjezera. Uyu foni yatha moto, uyu waikankhira nthawi kutsogolo mwadala, winayu akulumbira kuti yake ndiyo yoona chifukwa anagula ku Lilongwe. Pomaliza komiti ya alimi inagamula kuti pa geti pazigwira ntchito wotchi imodzi yokha, ya a Yoramu.

Kuyambira pamenepo a Yoramu anakhala munthu. Ku tchalitchi analibe udindo, khola analibe, ana awo anali atabalalika, wina ku Balaka, wina ku Lilongwe, osatumiza ngakhale sopo. Koma anali ndi kanyundo, ndi limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango pafupi ndi geti. Akamenya limuyo, ngee! ngee! chigwa chonse chinkadziwa kuti madzi asintha mwini. Ndipo aliyense wodutsa ankafunsa kuti, "A Yoramu, nthawi yati bwanji?" Iwo sankayankha mothamanga ayi. Ankayamba apinda mkono wa malaya, atsokomole, atsinzine diso limodzi, ayang'ane dzuwa ngati akufuna kulidzudzula, kenako n'kutchula nthawi mwaulemu wake. Funso limenelo ndilo linkawadzutsa m'mawa, ndipo linkawakhutitsa kuposa ndiwo.

A Benson iwo anakalamba monga anabadwira: owonda, opepuka miyendo, mano panja nthawi zonse. Kupitirira Blantyre sanapiteko. Mayi a a Yoramu ndi bambo a a Benson anali munthu ndi mlongo wake, choncho awiriwa anali asuweni enieni, aja amene mwambo umawalola kutukwanana pagulu, kulandana chipewa, kunamizirana kuba nkhuku, popanda wina kukasuma. A Yoramu ankawatcha anzawowo mankhusu. A Benson ankabwezera kuti chitsa. Zaka zonsezo kutukwanaku kunkawakomera a Yoramu, chifukwa ankadziwa kuti wapamwamba ndi iwo.

Vuto linabwera ndi Chrispin, mwana wa a Benson. Iyeyu anapita ku Joni wa masiku ano, wa pa basi ndi pasipoti, kumene kulibe sikelo. Anakapeza ntchito ya m'maluwa ku Kepi, kwa nkhalamba ina yachuma yopanda ana, kenako n'kukhala womusambitsa ndi kumudyetsa mkuluyo mpaka anamwalira. Mkuluyo ankaweta mawotchi monga ena amawetera nkhunda, ndipo asanatsikire kulichete anamupatsa Chrispin imodzi. Chrispin atabwera kudzaona makolo nyengo yokolola, anaimanga pa mkono wa bambo ake, nati mkono umenewu sunapiteko ku Joni, ndiye Joni wabwera yekha.

A Yoramu anaiona koyamba Lamlungu, potuluka m'tchalitchi. Anaona anthu ataunjikana pansi pa mtengo ngati pachitika ngozi, ndipo atayandikira anapeza kuti pakati pa gululo pali mkono wa a Benson. Wotchiyo inali yakuda bii, osati kuda kopaka penti, koma kuda kokhala ndi timizeremizere totuwa toyenda m'kati mwake. Sinkanyezimira n'komwe. Inkangokhala phee, modzidalira.

"Asuweni, bwerani mudzaone," anatero a Benson. "Inu ndinu odziwa mawotchi."

Anaivula n'kuiika m'dzanja la a Yoramu. Dzanjalo linali litakonzekera kulandira katundu, ndiye linachita kulumphira m'mwamba. Chitsononkho chouma chikanalemera kuposa pamenepo.

"Ha! Akunamizani," anatero a Yoramu, mawu atawakweza kuti onse amve. "Iyi ndi ya ana, yogulitsira limodzi ndi maswiti. Wotchi yeniyeni imalemera. M'katimu muli chiyani, mpweya?"

Chrispin anaseka mwaulemu, manja ali kumbuyo. "Ayi, bambo, kupepukako ndiye kudula kwake. Chigoba chakechi si chitsulo. Amati kaboni. Ndi zinthu za mtundu wa makala, amazipanga timaulusi, n'kuzipanikiza pamodzi pa moto mpaka zilimbe gwaa. Ndi zomwe amapangira ndege za masiku ano. Sichita dzimbiri, siopa thukuta."

"Makala!" A Yoramu anatembenukira kwa anthu. "Anthuni, mwamva? Mwana kupita ku Joni konseko kukatenga makala, pamene pa Manjawira ali mbwee m'matumba! Asuweni, muzigona nayo, angakuponyereni pa mbaula alamu angawa."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Benson omwewo. Koma kenako Chrispin anaitembenuza wotchi ija. Kumbuyo kwake kunali galasi, ndipo m'galasimo munthu ankaona zonse: timawilo tikulumana mano, kasipulingi kakupuma mofulumira, ndi kachitsulo kooneka ngati theka la mwezi kamene kankazungulira wotchiyo ikangogwedezeka. "Batire siifuna, kupukusa siifuna," anatero Chrispin. "Imadzisamala yokha. Kansonga aka musamakagwiregwire, mungalowetse madzi."

A Yoramu anasuzumira m'galasimo. Kachitsulo kozungulirako anakazindikira. Kapitawo wina wachizungu ku mgodi anali ndi wotchi ya mtundu umenewo, yodzipukusa yokha mwini wake akamayendetsa mkono, ndipo a Yoramu anaisirira zaka zonse zimene anakhala m'dzenje muja, osaipeza. Tsono nayi yawatsatira kumudzi, yokongola kuposa ija, ili pa mkono wa mankhusu. Tisazungulire: a Yoramu anachita nsanje, nsanje yowawa, yokhala pachifuwa penipeni. Masana amenewo sanadye.

Chrispin anabwerera ku Kepi, wotchi inatsala. Poyamba anali amayi okha amene ankapatukira ku munda wa a Benson kukafunsa nthawi, pofuna kungoiona. Kenako abambo nawonso anayamba. A Benson analibe mwambo uliwonse poyankha. Ankangotembenuza dzanja n'kutchula, mwina ali m'kati mosenda nzimbe, ngati nthawi ndi chinthu chotola pansi. Chibwana chimenecho chinkawapweteka a Yoramu kuposa wotchi yeniyeniyo.

Anayesetsa ndithu kulimbana nayo. Yawo anaikwecha ndi phulusa mpaka inkathobwa m'maso. Aliyense woima nawo pa geti ankamugwiritsa kuti amve kulemera kwake, n'kumuuza nkhani ya sikelo ija, imene anthu anali atayamba kale kuimaliza okha. Tsiku lina la msika anakwera minibasi mpaka ku Lizulu, osauza ngakhale akazi awo. Anadutsa milu ya mbatatesi ndi kabichi osayang'ana, mpaka anapeza benchi la mawotchi a pulasitiki, nasankhapo yakuda. Cholinga chinali choti akaiponye pa gulu n'kunena kuti nayi mlongo wake. Koma pobwerera anaitulutsa m'thumba, naitembenuza, naiyang'ana bwinobwino. Akanatha kunamiza anthu, koma maso awo omwe anakana. Wotchiyo anamupatsa kondakitala, ndipo anafika pakhomo atanyamula kabichi mmodzi woti aphimbire ulendowo.

M'chilimwe madzi atachepa, a kunsi anayamba kung'ung'udza kuti wotchi ya a Yoramu ikuchedwa, ndipo ati imachedwa madzi akakhala kumtunda, kumene kuli munda wa eni ake. Limenelo linali bodza. Zoona zake n'zakuti wotchiyo inali itakalamba, ndipo inkachedwera aliyense mofanana, mosayang'ana nkhope. Komabe komiti inaitanitsa msonkhano pansi pa mango uja, inabweretsa wailesi, n'kuika mawotchi awiriwo pa mpando. Wailesi italengeza nthawi ya nkhani, muvi wa yakuda unali pamalo pake ndendende. Wa yachitsulo unali ukubwera m'mbuyo, mosatekeseka, ngati mkulu wa mpingo.

Wapampando analankhula mokoma kwambiri, ndipo kukomako ndi kumene kunapweteka. Anati a Yoramu atumikira mokwana, chifuwa chawo sichifuna mphepo ya ku ngalande, apumuleko. Kanyundo anakapereka kwa a Benson. A Benson anakalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Asuweni, musadandaule, nthawi ndizikuuzani mwaulere." Anthu anaseka. A Yoramu anasekanso, koma ndi mano okha.

M'mawa mwake limu inalira a Yoramu ali pakhonde pawo. Anayang'ana pa mkono, naona kuti yalira nthawi isanakwane, ndipo anali atadzuka kale kuti akakalipe pamene anakumbukira kuti nthawi sinalinso yawo. Anakhala pansi.

"Kumenya kwanji kumeneko, ngati akuingitsa mbalame," anatero.

Mayi Eliness, amene ankapeta mpunga chapafupi, sanadzutse mutu. "Bambo, imeneyo ndi nsanje."

"Nsanje ya chiyani? Ya khala?"

"Ya khala lomwelo. Masiku onsewa mwakhala mukuyang'ana mkono wanu ngati unakulakwirani."

A Yoramu anadzuka. Anavala chipewa n'kulunjika ku ngalande, nkhope ataikonza kuti ioneke ya chikondi. Anawapeza a Benson akutsuka miyendo, wotchi itadzola matope mpaka lamba.

"Asuweni, lero ndisakusekeni, ndikuuzeni zoona," anayamba motsitsa mawu. "Ine mawotchi ndakhala nawo. Chinthu chodula ngati ichi sapita nacho kumatope. Komanso mkono wanuwo sukhazikika, mukamalankhula mumangouponya uku ndi uku. Timawilo tija titha mano. Muiike m'kabokosi kake, isamagwedezeke, muziitsegula pokhapokha pofuna kumenya limu."

A Benson, amene sanakhalepo ndi kanthu kodula chibadwire, anagwidwa mantha. Anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Kuyambira tsikulo wotchi inkakhala m'kabokosi, kabokosiko kakuswera pa mphanda ya mango, ndipo popita kunyumba ankakanyamula ndi manja awiri, akuyenda monyang'ama ngati atenga mbale yodzaza mafuta.

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina a Benson anatulukira kwa a Yoramu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwawo mano anali m'kamwa.

"Yafa, asuweni. Mivi yaima. Mwana ndikamuuza kuti chiyani?"

Anatulutsa kanyundo m'thumba n'kukaika pakhonde. A Yoramu anapukusa mutu mwachisoni, akuusa moyo. "Makala amazima, asuweni," anatero. Koma m'kati mtima unkavina ngoma. Tsiku limenelo limu anaimenya mwakuti ena akuti inamveka mpaka pa Sharpevale.

Chimwemwecho chinakhala mpaka pamene a Benson analimba mtima n'kuimbira foni Chrispin. Chrispin anaseka mpaka kutsamwa. "Bambo, wakuuzani zimenezo ndani? Wotchi imeneyo imadya mkono! Mukaisiya phee imagona. Ivaleni, mulime nayo, muvine nayo." Anawalongosolera mmene angaikonzere nthawi motsatira wailesi, ndipo a Benson atangoigwedeza inadzuka ngati sipanachitike kanthu.

A Yoramu atamva, anakonzekera ndewu. Kunena zoona, ankaifuna. Mawu anali atawanola kale. Munthu akakupsera mtima ndiye kuti wakuwerengera, ndipo iwo ankafuna kuwerengedwa. Koma Lamlungu lotsatira a Benson anaima pabwalo la tchalitchi, misozi ya phwete ili mbwe, akufotokozera aliyense.

"Msuweni wanga wandipweteka bwino! Kundigoneketsa wotchi m'bokosi ngati maliro, ine n'kumamuthokoza! Pa chisuweni chonse cha m'chigwa muno, katswiri ndi uyu!"

Anthu anayamba kuwagwira chanza a Yoramu, kuwayamika chifukwa cha nzeru.

"Sichinali chisuweni!" anakalipa a Yoramu, mitsempha ya m'khosi itatuluka. "Ndinachita dala! Wotchiyo ndimadana nayo, inunso ndimadana nanu!"

Apo ndiye anthu anagwa nalo pansi phwete. Amayi ena anaimba nthungululu. A Benson anawakumbatira, ndipo ali m'kati mowakumbatira anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kusolola kanyundo, monga msuweni amaloledwa. A Yoramu anapita kunyumba atakwiya. N'zowawa kudana ndi munthu amene mwambo unakuloleza kale kumutukwana, chifukwa ngakhale umuuze zoona amangoti ukucheza. Mayi Eliness okha ndiwo sanaseke, ndipo tsiku limenelo anawaphikira tiyi wa mkaka.

Nyengo yowokera mpunga, a Benson anagwa m'munda. Anathamangira nawo ku chipatala cha pa Sharpevale, kenako ku boma, ndipo anabwerako amoyo. Koma sitiroko inali itawalanda mbali yonse ya kumanzere, mkono, mwendo, ndi theka la kuseka kwawo. Mkono wa kumanja nawo unkangokwanitsa kukweza kapu. A Yoramu atapita kukawazonda analira misozi yeniyeni, imeneyo tisawanamizire. Koma pobwerera, asanafike n'kwawo komwe, maganizo anali atathawira kale ku kanyundo, ndipo anachita manyazi, ngakhale kuti sanachite nthawi yaitali.

Kanyundo kanabweradi. Komiti inalibe munthu wina wodziwa geti. Koma a kunsi anaumirira kuti nthawi izichokera pa yakuda, yachitsulo ija saifunanso. Tsono yakudayo inali pa mkono wakufa, ikufookera limodzi ndi mwini wake. Mayi Veronica, akazi a a Benson, anakanitsitsa kuivala. "Ine ndivale wotchi ya abambo iwo ali moyo?" anatero. "Anthu adzati ndikufulumira chiyani?" Pamenepo a Benson anatumiza uthenga woti msuweni wawo abwere.

A Yoramu anawapeza pakhonde, atawatsamiritsa pa mpando ndi mapilo. Anali atachepa kuposa kale. Diso limodzi linkaseka, linalo linkangoyang'ana.

"A...suweni," anatero a Benson, lilime likulemera. "Mko...no."

Mayi Veronica anagwada, namasula wotchi ija pa mkono wa amuna awo. "Akuti muziivala inuyo, alamu. Akuti mkono wanu sukhala chete, pomenya limu ndi polima. Chachikulu muzidzera nayo kuno dzuwa likapendeka, aziimvako kulira kwake."

A Yoramu anayang'ana kumbali. Anafuna kukana, koma mkono wa kumanja unali utatambasuka kale wokha, popeza wa kumanzere unali ndi mwini wake. Mayi Veronica anamanga lamba. A Benson anavutika kwa kanthawi, akusonkhanitsa mawu.

"Mu...saiike... m'bo...kosi."

Ndipo theka la nkhope yawo linaseka.

Umo ndi mmene a Yoramu anapezera chinthu chimene anachisirira kuyambira ali m'dzenje. Masiku oyamba ankangodzidzimuka, n'kugwira pa mkono, poganiza kuti yagwa, chifukwa sankaimva n'komwe. Akakhala okha pa geti ankaivula n'kuyang'ana timawilo tija m'galasi, ndipo kukongola kwake kunkawapsetsa mtima. Ankaifufuza chilema, pena pokandika, pena pochita dzimbiri, koma ayi ndithu. Matope ankangotsukika, thukuta osaigwira. Inali pa mkono pawo monga mbuzi ya eni imakhalira m'khola la wongoweta.

Anthu anayambiranso kuima pa geti, koma funso linali litasintha. Woyamba kulinena ankangocheza: "A Benson akuti nthawi yati bwanji?" Anthu anaseka, ndipo funsolo linakhazikika, mpaka ankalinena osasekanso. A Yoramu, mwa chizolowezi, ankayamba kupinda malaya a kumanzere, wofunsayo n'kuwadula: "Ayi, yakudayo." Yachitsulo ankaipukusabe m'mawa uliwonse pakhonde, nkhope itauma monga kale, koma panalibe woifunsa kanthu. Ngakhale malo omwe aja a pa mango anthu anayamba kuwatchula kuti pa Benson.

Tsiku lina nsanje inawakwera kwambiri, ndipo anatsimikiza zoigonekanso. Limu anamenya ndi kumanzere, ndipo dzanja la kumanja analipisa m'thumba tsiku lonse, osalitulutsa ngakhale popereka moni. Dzuwa litapendeka anadzera kwa a Benson monga mwa masiku onse. Anawayandikizira mkono ku khutu lawo labwino. A Benson anatsinzina, akumvetsera, milomo ikutsatira kulira kwake pang'onopang'ono, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali osafuna kusiya. A Yoramu anabwerera kwawo akuponya mkono ngati msilikali pa perete, akutukwana chamumtima njira yonse. Anatukwana Chrispin, anatukwana nkhalamba ya ku Kepi, anatukwana ndi anthu opanga ndege omwe.

Mpunga utayamba kubereka, m'mudzi wa kunsi munabwera mkazi wachilendo, Nomsa, amene anatengedwa chitengwa kuchokera ku Lizulu. Iye anali asanawadziwe anthu a m'chigwamo. Apongozi ake anamutuma kuti apite pa geti akafunse ngati madzi ali pafupi kutembenukira kwawo. "Ukafike pa Benson," anamuuza, "ukafunse wa wotchi yakuda."

Nomsa anapeza mkulu wamkulu thupi atakhala pa muzu wa mango, kanyundo kali pa ntchafu, wotchi yakuda ili pa mkono. Ananjuta mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, a Benson?"

A Yoramu anatsegula pakamwa. Dzina lawo linali pa lilime penipeni, lokonzeka, limodzi ndi mawu ena okalipa. Anayang'ana kumtunda kwa ngalande, anayang'ana kunsi. Kunalibe munthu. Mtsikanayo ankadikira, akumwetulira kale asanamve yankho, monga amachitira munthu amene wauzidwa kuti akakumana ndi mkulu wokondedwa ndi mudzi wonse. A Yoramu anali asanayang'anidwepo choncho chibadwire. Kanthu kena kotsekemera kanawatsikira pachifuwa, ndipo pa nthawi imeneyo anadana nawo a Benson kuposa masiku onse, chifukwa ngakhale dzina lawo linali lokoma kuvala.

"Ndaswera bwino, mayi," anayankha. "Mukawauze kuti madzi ali pafupi."

"Zikomo kwambiri, a Benson."

"Zikomo," anatero a Yoramu.